Kudula nkhuni ndi chainsaw: mtengo ukagona pansi, samalani miyendo

Pamwamba pa bondo langa lamanzere pali chipsera chotalika ngati chala chamkombaphala. Ana akachiona ndikamasamba kunyanja amati ndinalumidwa ndi ng'ona, ndipo ine sindiwatsutsa, chifukwa nkhani yeniyeni ndi yochititsa manyazi. Sunali mtengo waukulu ayi. Inali nthambi ya mango yonenepa ngati ntchafu, itagona kale pansi, cha m'ma 2 koloko masana mu Okutobala, kwa alamu anga kufupi ndi Ngodzi. Tcheni chinali chitabuntha kuyambira m'mawa, ine ulesi wonola, n'kumangokanikiza ndi mphamvu. Nthambi ija itaduka mwadzidzidzi, makina anapitirira ndi mphamvu yanga yomweyo, n'kukapeza mwendo umene ndinapondera nthambiyo.

Pogwetsa mtengo aliyense amakhala tcheru, mtima uli m'mwamba. Koma ukagwa, anthu n'kukuwa, mantha amatha, ndipo ntchito yodula zipika imaoneka ngati yamasewera. Mwa anzanga odula mitengo kuno ku Salima amene ali ndi zipsera, ambiri anazitengera pamenepo. N'chifukwa chake ndikhalitsa pa za tcheni ndi za mtengo wogona, zinazo ndingodutsamo.

Musanagule n'komwe petulo, dziwani kuti mtengowo ndi wa yani. Ine ndimadula ya anthu yodzala okha: keshya, bulugamu, malaina, nimu, ndi mango wokalamba kapena wogwa ndi mphepo. Mbawa ndi mlombwa sindikhudza popanda chikalata cha a zankhalango, ngakhale uli m'munda mwa mwini wake. Lamulo la zankhalango la 1997 analikonzanso mu 2020 ndipo zilango anazikweza. Za m'nkhalango zotetezedwa za Thuma kapena Kuti musayerekeze n'komwe. Chainsaw si nkhwangwa yoti mungadule mwakachetechete, imamveka kutsidya kwa dambo. Ngati mukukayika, pitani ku ofesi ya zankhalango paboma mukafunse, makamaka ngati nkhunizo muzinyamula pagalimoto mumsewu wa M5 kapena wopita ku Lilongwe. Safunsa anadya phula. Mitengo ya kumanda ndi ya m'mbali mwa mtsinje imeneyo ndi nkhani ya amfumu. Mlambe ndi mgwalangwa zisiyeni: wina ndi madzi okhaokha, winayo ulusi wake umangotseka makina.

Petulo ndi oyilo

Injini ya chainsaw ilibe thanki ya oyilo wa injini ngati galimoto. Oyilo wake timasakaniza m'petulo momwemo, ndipo mukaiwala tsiku limodzi lokha, pisitoni yapsa. Makina a Stihl ndi Husqvarna amafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi, kapena mamililita 100 pa chigubu cha malita 5. Makina otchipa ambiri ochokera ku China amalemba 25 kwa 1, ndiye kuti mamililita 40 pa lita. Werengani zimene zalembedwa pa makina anuwo, osati zimene wanena mnzanu pa Kamuzu Road. Ine ndimayeza ndi sirinji ya mamililita 20 imene ndinagula kufamase. Kuyeza ndi maso kumanamiza.

Pali cholakwa china chofala kuno kunyanja. Asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chikombe ali ndi oyilo wawo wa injini za maboti, nayenso wosakaniza ndi petulo, ndiye munthu amati ndi yemweyo. Si yemweyo. Injini ya boti imaziziritsidwa ndi madzi, ya chainsaw imaziziritsidwa ndi mpweya ndipo imatentha kwambiri. Gulani wolembedwa kuti ndi wa injini zozizira ndi mpweya. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, ngati palibe kuchitira mwina, musefeni pa kansalu koyera. Sakanizani wokwanira masabata ochepa. Akapitirira mwezi amayamba kuvuta polizira. Muzikhutchumula chigubu nthawi zonse musanathire.

Thanki yachiwiri ndi ya oyilo wa tcheni. Ambiri amathiramo oyilo wakuda wokhetsa m'galimoto chifukwa ndi waulere. Nanenso ndinkatero, mpaka pampu inafa ndipo bar, chitsulo chija choyendapo tcheni, inadyeka mbali imodzi. Oyilo wakudayo ali ndi tizitsulo, komanso amakuwazirani pakhungu tsiku lonse. Mukathira petulo thiraninso oyilo wa tcheni. Pofuna kudziwa ngati akutuluka, lozetsani nsonga ya bar pa chitsa choyera osagunditsa, kwezani moto pang'ono. Pazioneka kamzere ka oyilo. Pakapanda kuoneka, zimitsani, chotsani utuchi pa kabowo kotulukira oyilo.

Tcheni

Amalume amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankati ukafuna kudziwa mmisiri usayang'ane makina ake, yang'ana zimene zikugwa pansi. Tcheni chakuthwa chimalavula tizipalipali tokhuthala, ndipo chimalowa chokha mumtengo, inu n'kumangochiongolera. Chobuntha chimatulutsa fumbi ngati gaga, chimanunkha kupserera, ndipo chimafuna muchikankhe. Mukangoyamba kukankha, dziwani kuti mwayamba ulendo umene ndinayenda ine ku Ngodzi.

Kuno tcheni chimabuntha msanga kuposa kumtunda chifukwa cha mchenga. Kungogunda pansi kamodzi, kwatha. Chiswe nachonso chimakweza dothi m'makungwa ndi m'kati mwa mitengo youma, choncho palani malo odulapo ndi chikwanje kaye. Mango wa pakhomo muzimukayikira: muli misomali ya chingwe choyanikira zovala, muli waya wa wailesi wa m'nthawi ya agogo, zonse zitamezedwa ndi khungwa. Funsani eni nyumba, ndipo mukaona thimbiriro lakuda pa thabwa lodulidwa, pafupi pali chitsulo.

Kunola sikovuta, koma kumafuna tupa wa saizi yoyenera tcheni chanu. Timakina ting'onoting'ono timafuna tupa wobulungira wa mamilimita 4, tcheni chapakati wa 4.8, chachikulu wa 5.2 kapena 5.5. Saiziyo imalembedwa pa katoni ya tcheni; musataye katoniyo. Zimitsani makina, akhazikeni polimba, valani magolovesi. Pakani makala kapena choko pa dzino loyambira kuti mudziwe pomalizira. Tupa azipendekeka madigiri 30, ndipo pa mano ambiri pamakhala kamzere kokuonetsani kupendekeka kwake. Kankhani kuchokera m'kati mwa dzino kupita kunja, pobwerera tukulani. Dzino lililonse kawiri kapena katatu, mofanana. Malizani mano onse a mbali imodzi, tembenuzani makina, chitani mbali inayo. Dzanja la munthu limakondera, mbali ina imanoledwa kwambiri, ndiye mukaona makina akudula mokhota ngati chikwakwa, nthawi zambiri vuto ndi limenelo.

Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kobulungira kamene kamaletsa dzinolo kuluma mozama. Kamayenera kutsikirapo pang'ono chabe, pafupifupi mamilimita 0.65 pa matcheni ambiri. Anyamata ena amakapala kwambiri kuti makina "azidya". Amadyadi, koma amadumpha, amanjenjemeretsa manja, ndipo akakankha amakankha ngati bulu. Musatengere.

Ine ndimanola nthawi iliyonse ndikathira petulo. Zimatenga mphindi 5, ndipo ndi mpumulo womwewo.

Kukunga tcheni: chikhale chogwira bar kunsi, chosalendewera, koma chotheka kuchikoka ndi dzanja lovala golovesi. Masulani manati awiri a m'mbali, tukulani nsonga ya bar, pindani sikuluwu yokungira, kenako mangani manati nsonga ikadali m'mwamba. Chatsopano chimatamuka msanga, muzichiyang'ana pafupipafupi tsiku loyamba. Ndipo onetsetsani kuti mano a pamwamba pa bar aloza kutsogolo. Musaseke, ndinaonapo bambo wamkulu akutukwana makina kwa ola lathunthu, tcheni atachiveka chammbuyo.

Zovala ndi kuliza

Pali mathalauza apadera okhala ndi ulusi wautali m'kati; tcheni chikang'amba, ulusiwo umakokeka n'kukatsamwitsa giya, makina n'kuima. Kuno ndi osowa, ndipo ndi otentha zedi, koma mukawapeza ku Lilongwe kapena mwamwayi pa kaunjika, gulani. Jinzi kapena ovolosi siiletsa tcheni, musadzinamize. Tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Nsapato zikhale jombo zachitsulo kutsogolo, osati masilipasi. Magalasi a maso, chipewa cholimba ngati muli pansi pa mitengo, ndi zotseka m'makutu. Phokoso la chainsaw limapitirira madesibelo 100, pamene makutu amayamba kuonongeka kuyambira pa 85. Thonje silikwanira. Amalume aja lero timachita kuwakuwira, ndipo amati usiku m'makutu mwawo mumalira nkhululu. Malaya olendewera ndi mpango wa m'khosi vulani.

Mukathira petulo, pukutani wotayikira, chokanipo mamita 3 musanalize, ndipo wosuta fodya akhale kutali. Mu Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala ngati wothira palafini. Ikani makina pansi, tcheni chisakhudze dothi. Kankhani buleki, chogwirira chija chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere, mpaka chilire kuti "tha". Phazi lamanja lilowe m'chogwirira chakumbuyo, dzanja lamanzere ligwire cham'mwamba, lamanja likoke chingwe. Injini ikakhala yozizira tsekani choke, kachotsekera mpweya wolowa mu injini, kokani mpaka itsokomole kamodzi, tsegulani, kokaninso. Kuliza kwa m'malere kuja, dzanja lina likuponya makina pansi lina likukoka chingwe, n'kwa matama basi. Bar imapita kumene yafuna. Injini ikamalira payokha musanagwire moto, tcheni chisayende. Chikamayenda, apititseni kwa makaniko.

Yesani buleki m'mawa uliwonse: kwezani moto, kenako pindani mkono wamanzere kuti ugunde chogwirira cha bulekiyo osasiya chogwirira cham'mwamba. Tcheni chiime nthawi yomweyo. Makina ambiri obwereka amene ndawaona buleki inafa kale kapena anaichotsa. Amenewo abwezeni kwa eni ake.

Kukankha kwa makina

Gwirani ndi manja awiri, lamanzere kutsogolo, lamanja kumbuyo, ngakhale mutakhala amanzere. Makinawa anawapangira choncho. Chala chachikulu chakumanzere chizungulire chogwirira kunsi, chisagone pamwamba ngati mukuyendetsa njinga.

Malo oopsa kwambiri ndi theka lapamwamba la nsonga ya bar. Pamenepo pakangogunda chinthu tcheni chikuthamanga, mano amakola m'malo modula, ndipo bar yonse imatumphukira m'mwamba kulunjika kumaso kwanu. Kuphethira kumachedwa. Zimachitika kwambiri podula nkhuni zounjika pamulu: maso ali pa chipika chimene mukudula, nsonga yapitirira n'kukagunda china kuseri. Choncho musadulire pamulu. Kokani chimodzichimodzi. Imani chakumanzere pang'ono kuti mutu wanu usakhale pamzere umodzi ndi bar. Lowani mumtengo moto uli wonse, dulirani pafupi ndi injini pamene pali mano achitsulo ogwirira khungwa. Chilichonse chopitirira phewa lanu si cha chainsaw, ndipo pamakwerero kapena mumtengo musakwere nayo. Posuntha, ngakhale mapazi atatu okha, ikani buleki. Poyenda kataliko zimitsani, bar iloze kumbuyo.

Kuwerenga mtengo wogona

Mtengo wogona pansi sunapume ayi. Mbali ina ya thunthu ndi yopanikizika, ina ndi yokokeka ngati uta. Mukadula mopanda kuganiza, kapena ukupanani bar, kapena ung'aluka n'kukumenyani. Musanalize makina, uzungulireni, onani pamene watsamira ndi kumene chidutswa chilichonse chipite chikamasuka.

Chipika chikatsamira mbali zonse ziwiri, pakati pali m'malere ngati mlatho, pamwamba ndiye popanikizika. Dulani pamwamba gawo limodzi mwa magawo atatu, tulutsani, malizani kuchokera kunsi kupita m'mwamba mpaka mikwasa ikumane. Chikatsamira mbali imodzi, inayo ikulendewera, zimatembenuka: yambani kunsi gawo limodzi mwa atatu, malizani pamwamba. Mwachidule, yambani kumene kukufinyika, malizani kumene kukukokeka. Mukamadula yang'anani mpata umene tcheni chasiya. Ukayamba kutsekeka, tulutsani msanga bar isanapanidwe.

Chogona pamchenga thupi lonse, musayese kuchidula mpaka pansi. Lembani malo onse odula, lowani paliponse kupitirira theka, kenako chigubuduzeni ndi mtengo wautali n'kumaliza kuseri. Tcheni chanu chidzakhala chakuthwa mpaka masana.

Bar ikapanidwa, zimitsani injini. Musakoke, musapotokole. Tukulani chipikacho ndi mtengo wautali, kapena khomani kamtengo kosongola mumpatamo mpaka utseguke. Chokhomacho chikhale chamtengo kapena chapulasitiki, osati chitsulo.

Pamalo otsetsereka, monga m'mbali mwa Linthipe kapena Lifidzi, imani kumtunda kwa chipika. Mtengo wozuka ndi mphepo uli ndi msampha wake: mukadula thunthu, chitsa ndi mizu yake ndi dothi lonse lija zimatha kubwerera m'dzenje ndi mphamvu, ndipo ana amakonda kusewera momwemo. Timitengo ting'onoting'ono topindidwa ndi mtengo wakugwa timafyatuka ngati msampha wa mbewa. Tidulireni pang'onopang'ono m'kati mwa kupindikako mpaka mphamvu ithe. Posadza nthambi yambirani kutsinde kupita kunsonga, thunthu likhale pakati pa miyendo yanu ndi bar ngati n'kotheka, ndipo nthambi zimene zanyamula mtengowo zikhale zomaliza. Yang'ananinso mavu, njuchi za m'mphako, chitedze, ndi mphiri imene imakonda kugona pansi pa zipika zakale.

Nthambi zazing'ono ndizo zimapusitsa. N'zopepuka, zimagubuduka, ndiye munthu amapondapo, kapena amauza mwana kuti "tagwira apa". Ayi. Khomani mphanda ziwiri pansi, kapena mangani mitengo iwiri yopingasa kawiri, mugoneke nthambiyo pamenepo pa msinkhu wa m'chiuno. Zimatenga mphindi 10, msana umapuma, tcheni sichigunda mchenga, ndipo phazi lanu lili kutali. Zoonda kuposa mkono ndimangodula ndi chikwanje. Ndipo chipika chikatsala pang'ono kuduka, chepetsani kukanikiza kuti makina asapitirire.

Utali wa nkhuni funsani mwini wake. Za mendulo, mulu woyezedwa wogulitsira nkhuni, ndi mita imodzi. Za pa chitetezo mbaula ndimadula masentimita 30. Owamba nsomba ndi ootcha njerwa amafuna zonenepa. Bulugamu muwazeni akadali wamuwisi, akauma amalimba ngati fupa. Sanjani nkhuni pa timitengo kuti zisakhudze pansi, apo ayi mwadulira chiswe. Keshya ndi bulugamu amaphukanso, choncho chitsa chake chidulidwe chachifupi, chosalala, chopendekeka kuti madzi asakhalepo. Pakapita zaka zingapo mudzabweranso pomwepo.

Za kugwetsa mtengo woimirira sindingakuphunzitseni pa foni. Pezani wodziwa mumutsatire kaye. Zoti musaiwale ndi izi: yang'anani m'mwamba ngati muli nthambi zouma, onani kumene wapendekera, ndipo mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye dikirani. Kamwa, mpata wonga V umene mumayamba kudula mbali yogwera, ilowe pafupifupi kotala ya thunthu. Kuseri dulani pamwamba pang'ono pa mlomo wam'munsi wa kamwayo, n'kusiya kachigawo kosadula ka gawo limodzi mwa magawo 10 a thunthu, kamene kamagwira ngati hinjesi ya chitseko. Mukakadula, mtengo ugwera kumene wafuna. Lambuliranitu njira yothawira, chakumbuyo mopendekera, osati kumbuyo kwenikweni. Anthu akhale kutali kuwirikiza kawiri utali wa mtengowo. Ukakodwa mumtengo wina, musadule wouchirikizawo ndipo musalowe pansi pake. Ukokeni ndi chingwe muli patali. Uli pafupi ndi mawaya a magetsi, itanani a ESCOM.

Anthu ndi dzuwa

Chainsaw ikalira m'mudzi, ana amabwera ngati kwafika gule. Inu simuwamva chifukwa cha phokoso, ndipo amayi otola tinthambi amafika mpaka kumbuyo kwanu. Ndimalemba mzere pansi ndi phazi n'kupempha munthu wamkulu mmodzi kuti ntchito yake ikhale imeneyo basi. Wofuna kundilankhula aime kutsogolo patali n'kukweza dzanja, asandigwire paphewa. Osagwira ntchitoyi nokha kutchire, ndipo foni ikhale ndi moto ndi mayunitsi.

Dzuwa la kuno silofunika kulifotokoza. Ndimayamba 5 koloko, ikamakwana 11 ndalongedza. Eni ntchito amanyengerera: "Alamu, zangotsala nthambi ziwirizi, tangomalizani." Tsiku lija ku Ngodzi mawu ake anali omwewo. Manja akayamba dzanzi kapena mukaona kuti mukupunthwa pa tizitsa, imani, imwani madzi kapena thobwa. Mowa ndi wa pambuyo pake.

Ngozi ikachitika, bala la tcheni silikhala ngati la mpeni, limakhala long'ambika ndipo limataya magazi ambiri. Zimitsani makina, mugonekeni munthuyo, pindani nsalu yoyera, kanikizani pabalapo mwamphamvu osasiya. Ikanyowa onjezerani ina pamwamba, yoyambayo musachotse. Musathirepo dothi, petulo, mchere kapena masamba. Ngati magazi akutumphuka pamkono kapena pamwendo ndipo sakuleka, mangani nsalu yotambalala kumtunda kwa bala, pindirani ndi kamtengo mpaka aleke, kumbukirani nthawi, ndipo musamasule mpaka kuchipatala. Kumeneko kumbutsani za jakisoni wa kafumbata. Ine anandimanga ndi chitenje cha achemwali, n'kundikweza kabaza yamoto mpaka paboma. Kuyambira pamenepo m'chikwama cha masipanala mumakhala mabandeji awiri aakulu ndi chitenje chochapa, m'pepala lapulasitiki.

Mukaweruka, masulani tcheni pang'ono ngati munachikunga chili chotentha, chifukwa chikazizira chimafupika n'kukoka shafiti. Tsegulani chivundikiro cha m'mbali, chotsani utuchi, palani ngalande ya bar ndi kawaya, ndipo itembenuzeni kuti idyeke mofanana. Sefa ya mpweya ikunthidwe tsiku lililonse, fumbi la kuno ndi lambiri. Ngati makina akhala mwezi osagwira ntchito, khuthulani petulo ndipo alizeni mpaka azime okha. Valikani chivundikiro cha bar, asungeni pokhoma. Anga amakhala m'chipinda, pamwamba pa matumba a mpunga, pamene mwana wanga wa Sitandade 6 sangafikire, pakuti ndinamupeza tsiku lina akuyeserera kukoka chingwe.